Nkhuku Yachiwiri

"Bambo, ine ndikufunsa za mpunga, osati za mpongozi wanu," anatero Thokozire, foni ataipanikiza ndi phewa, manja ali pa anyezi. "Mbewu ija inamera bwino kapena ayi?"

Mlimi anali kumbali inayo anayankha motalika, kuyambira pa mvula mpaka pa mbalame. Thokozire anapukuta chala pachitenje, analemba yankho mu laputopu, n'kubwerera ku anyezi. Nicole, mwana wake wamng'ono, anali mtulo kumsana.

Ntchito yake inali yomweyo. Bungwe lina la zaulimi la ku Lilongwe linamulemba kuti aziimbira alimi a mpunga a m'boma la Nkhotakota, kuwafunsa mafunso ndi kutumiza mayankho. Netiweki m'nyumba monse imagwira pa zenera la kukhitchini pokha, choncho ofesi inali pomwepo. Tebulo lake linali thabwa la bwato lakale limene analitola kunyanja n'kulikhomera kuchipupa. Pansi pa thabwalo panali dengu lalikulu limene limamuphikira iye ali pa foni. M'kati mwake anayalamo mapilo a zitenje zakutha odzaza ndi mankhusu a mpunga. Poto akawira pa mbaula, amamunyamula ali wotentha, kumukhazika m'dengumo, kuvindikira ndi pilo wina, basi. Chakudya chimapsa chokha, sichipserera, ndipo makala amatsala. Azimayi anzake ankaseka kuti Thokozire amagoneka ndiwo ngati khanda. Iye analibe nthawi yowayankha.

Tsikulo m'dengumo munali tambala, chifukwa kunali kubwera alendo.

Levison, mlongo wake wamng'ono amene Thokozire anamulera makolo awo atamwalira, anali atapeza mbeta ku Ngala, mtsikana wa Chisilamu dzina lake Salma. Nkhani ya chipembedzo inali itatha kale. Levison anavomera kuti adzalowa Chisilamu ukwati usanachitike, ndipo Thokozire, ngakhale anali wolimbikira ku Anglican, analira pang'ono n'kusiya. Chotsala chinali nyumba. Levison amagwira ntchito ku fakitale ya shuga ndipo amagona chipinda chimodzi ndi anzake, motero Salma amayenera kudzayamba wakhala kwa Thokozire, m'chipinda chakuseri. Apa mayi a Salma anaumitsa khosi. "Mwana wanga azikadya chiyani m'nyumba ya Akhristu? Azikafunsa poto aliyense?" Anati sapereka mawu asanaone okha. Ndiye anali m'njira, iwo ndi mlongo wawo a Sharifu, amalume a mtsikanayo.

Thokozire atangodula foni, mwamuna wake Timoteyo analowa akununkhiza m'mwamba. Anali mphunzitsi, sukulu zinali pa holide, ndipo kuyambira m'mawa amangozungulira pakhomo kufuna chothandiza.

"Fungo ili lokha, mayi a Keti, ukwati watheka kale," anatero. "Koma ine simunandithokoze."

"Ndikuthokozeni chiyani? Kupita ndi tambala kwa a Usman? Ndi kuseri kwa mpandaku."

"A Usman kulibe. Akazi awo akuti anapita kumaliro ku Chia."

Thokozire anasiya mpeni. "Nanga tambalayu anazinga ndani?"

"Ine. Ndinaona muli pa foni, ndinati ndisakusokonezeni. Ndinazinga, kusosola, kuduladula. Simunaone mmene ndinadulira bwino?"

M'dera lawo ngakhale mwana amadziwa kuti nkhuku yodyera pamodzi ndi anthu amazinga ndi Msilamu, chifukwa Msilamu sadya nyama imene sanazinge Msilamu mnzake potchula dzina la Mulungu. Pakhomo pa Thokozire ntchito imeneyo inali ya a Usman, oyandikana nawo nyumba. Timoteyo anakulira kumtunda ku Ntchisi, kumene nkhuku imaphedwa ndi aliyense amene wapeza mpeni. Mwambowu amaudziwa, koma sunamulowe m'magazi.

"Bambo a Keti, alendo akubwerawa ndi a mpingo wanji?"

"Musandiyang'ane choncho. Pemphero ndinachita."

"Lanji?"

"M'dzina la Atate ndi la Mwana..."

"Mayo ine," anatero Thokozire, n'kukhala pansi pa ndowa.

Sanakhalitse. Panja panamveka mabelu a njinga za kabaza, kenako mawu a Levison akuti odi mokweza ngati mlendo. Thokozire anamanga bwino chitenje n'kutuluka.

A Sharifu anali bambo wamtali wonenepa, atavala mkanjo woyera mbee ndi kachipewa. Mayi a Salma anali wochepa thupi, wa maso osakhazikika. Asanakhale pamkeka anali ataona kale tomato wa m'zigubu zodula, makatani a tizidutswa ta nsalu, ndi nsapato za ana zili pa msomali. Analonjerana bwinobwino, za ulendo, za kunyumba, za mvula. Keti, mwana wamkulu wa Thokozire, anabweretsa thobwa. Timoteyo anakhala pakhonde ndi alendo, akuseka kwambiri kuposa mmene nkhani zinalili.

Thokozire anakodola Levison kuti amutsatire kukhitchini, ndipo anamuuza mwachidule.

Levison anagwira mutu. "Achemwali, musanene. Chonde. Mayi aja angofuna pogwira. Mu minibasi monse amangondifunsa ngati mumaweta nkhumba."

"Ndiye ndiwapatse?"

"Angadziwe bwanji? Nkhuku yophika ili ndi chidindo? Akafunsa, tinena kuti anazinga a Usman. Lero lokha, achemwali."

"Lero lokha. Nanga Salma akadzabwera, akadzandifunsa, ndidzatinso lero lokha?"

"Ndiye tiwapatse nyemba ndi chigwada basi."

"Fungo la nkhuku lafika kumsewu. Akaona nyemba adzati tabisa ndiwo."

Levison anayang'ana uku ndi uku ngati yankho lili pa mashelefu. "Thadzi lija lilipo? Ndithamange nalo kumzikiti, wina akazinge mwakachetechete."

"Thadzi lili pansi pa mtengo wa mango, alendo akuliyang'ana. Uligwira bwanji mwakachetechete? Ndiponso Msilamu ali pakhonde panga, ine ndikafunenso wina kutali?"

"Achemwali, mlendo! Mumutume ntchito mlendo?"

"Choka pakhomo ndidutse. Bwana wanga aimba posachedwapa, ndilibe nthawi."

Thadzi lakudalo linali lomaliza. Zina zonse zinapita ndi chitopa, kutsala ilo ndi tambala uja. Limaikira pafupifupi tsiku lililonse, ndipo dzira lake ndi limene Thokozire amaswera m'phala la ana. Anamwaza madeya pang'ono, thadzi linabwera lokha monga mwa masiku onse, iye n'kuligwira. Keti anaona, anatsegula pakamwa, mayi ake anamuyang'ana, anatseka.

Thokozire anafika pakhonde thadzi lili m'khwapa, mpeni uli m'mbale, n'kugwada pamaso pa a Sharifu. Nkhani zinaduka. Timoteyo anayamba kuyang'ana zikhadabo zake.

"Amalume, pepani. Ndikupempha mutizingire nkhukuyi."

A Sharifu anayang'ana mpeni, anayang'ana mlongo wawo, kenako anaseka mpaka mimba kugwedezeka. "Ndayenda m'makomo ambiri kukaona apongozi, koma kundilandira ndi mpeni ndayambira pano!"

Mayi a Salma sanaseke. "Nanga fungo tikumvali ndi la chiyani? Ife timayesa zapsa kale."

"Zapsa, mayi. Ndi tambala. Koma amene amatizingira anapita kumaliro, ndiye bambo a kunowa anazinga okha ine ndili pa ntchito. Ndadziwa inu muli pafupi kufika. Imeneyo simungadye."

"Ndinkafuna kuthandiza," anatero Timoteyo ndi mawu aang'ono.

"Aphunzitsi, mwathandizadi," anatero a Sharifu. "Mwatipezera nkhuku ziwiri pamene ena amapha imodzi." Anadzuka, kenako anayang'ana mkanjo wawo. "Koma chovala ichi ndachita kubwereka sopo."

Thokozire anavula epuloni yake imene anasoka ndi thumba la ufa wa tirigu, n'kuwapatsa. Zingwe sizinakumane kumbuyo, ndipo Levison anachita kugwirizira. Anapita kuseri kwa nyumba. A Sharifu ananola mpeni pa mwala, anayesa ndi chala, anaimwetsa nkhuku madzi, anatembenukira chakumpoto, ananena Bisimilahi, ntchito n'kutha.

"Mwaona, aphunzitsi? Phunziro laulere."

Nthawi yomweyo foni inalira kukhitchini. Anali bwana wa ku Lilongwe, pa msonkhano wa mlungu ndi mlungu umene sumaphonyeka. Madzi anali atawira pa mbaula, nkhuku ili m'beseni, Nicole wadzuka ndipo wayamba kukoka tsitsi la mayi ake. Thokozire anaika zomvera m'makutu, anayankha moni m'Chingerezi, dzanja lina likufunafuna ketulo.

Ketuloyo inanyamulidwa ndi dzanja lina. Mayi a Salma anali atalowa osaodira.

Thokozire anatseka pakamwa pa foni. "Mayi, ayi, inu ndi alendo. Kakhaleni, ndithana nazo."

"Muthana nazo ndi manja ati? Lankhulani ndi azungu anuwo."

"Si azungu, ndi a ku Dowa."

"Ndiye akuvutikiranji ndi Chingerezi? Lankhulani."

Anakhala pa mpando wachidule, anathira madzi otentha m'beseni n'kuyamba kusosola mwachangu, ngati munthu amene wasosola nkhuku moyo wake wonse. Koma maso awo sanali pa nthenga. Anayenda pa mashelefu, pa mabotolo a mchere ndi nsinjiro, pa zipande zopachikidwa, pa dengu. Thokozire amawaona ndi pakona pa diso uku akufotokozera bwana za alimi amene mbewu yawo inakokoloka.

Nkhuku itayera, mayiwo analoza poto wina amene anali pafupi, n'kukweza nsidze. Thokozire anapukusa mutu, chifukwa ndi mmene anakazingira tambala uja. Akulankhulabe pa foni, anakwera pa ndowa n'kutsitsa poto wina wa pamwamba, amene amaphikira mpunga wokha. Chipande chimene anavundulira tambala anachiponya m'madzi otsukira, n'kutenga china. Mayi a Salma anatsatira zonsezo ndi maso.

Atatumbula nkhuku anaima. M'kati munali mazira osakhwima, achikasu, olumikizana kuyambira lalikulu mpaka tating'ono ngati mikanda. Anawatulutsa mosamala n'kuwaika m'kambale.

Msonkhano utatha, Thokozire anachotsa zomvera n'kupumira m'mwamba.

"Iyi imaikira," anatero mayi a Salma.

"Imaikira."

"Zina zili kuti? Sindinaone khola lodzaza."

"Inali yomaliza."

Mayiwo anadula ntchafu, anadula phiko, kenako anati, "Tambala ujatu ine ndikanadya. Sindikanafunsa. Munthu sufika pakhomo pa eni n'kuyamba kufunsa za mpeni. Ndikanadya, n'kukuthokozani, n'kupita osadziwa kanthu."

"Ine ndikanadziwa," anatero Thokozire akuyatsa makala ena. "Mwana wanu akabwera muno azidzadya zimene ndaphika ine ndili pa foni, iye osaona. Ndikayamba kunama lero, adzadya chiyani? Patseni anyeziyo."

Anamupatsa. Anakazinga limodzi, wina akuvundula, wina akudula tomato. Mayi a Salma anati mchere wachepa, Thokozire anati sunachepe, analawa onse awiri, n'kuthira pang'ono. Poto atawira bwino, Thokozire anavundukula dengu, anatulutsa poto wa tambala n'kumuika pakona, anasintha nsalu ya m'kati, n'kukhazikamo watsopanoyo.

"Mukutani? Thadzi lokalamba ngati ili lifuna moto."

"Lipsa momwemo."

"M'dengu? Mwana wanga, ine ndaphika zaka zambiri."

"Ikani dzanja apa."

Mayiwo anapisa dzanja pansi pa pilo n'kulichotsa msanga. Anafinya piloyo, anamva mankhusu akulira, anafunsa kuti ndi a mpunga wamba kapena ena. Anafunsanso ngati nyemba zimapsa. Thokozire anavundukula poto wa nyemba zimene zinagona m'dengumo, mayiwo anatenga imodzi, anaifinya ndi zala, inaphwanyika.

"Hm," anatero.

Chakudya chinachedwa, palibe chobisa. Thokozire anatumiza chinangwa chophika ndi tiyi pakhonde kuti anthu agwirize m'mimba, iye n'kubwerera pa zenera kuimbira alimi amene anatsala. Mayi a Salma sanabwerere pamkeka. Anamasula Nicole kumsana kwa mayi ake, anamuika pamiyendo, n'kumasankha mpunga m'lichero. Mlimi wina atayamba kukalipa pa foni kuti feteleza sanafike, mayiwo anafunsa monong'ona kuti ndi wa kuti. Atamva mudzi wake anati, "Amenewo ndi olongolola kuyambira kale, musawamvere."

Levison amangobwera pakhomo la khitchini, kusuzumira, n'kubwerera. Ulendo wina mlongo wake anamupatsa mtsuko kuti akatunge madzi, kuti asiye kutchinga kuwala.

Dzuwa litapendeka anadya. Amuna pakhonde, akazi m'nyumba. Panali mpunga, nyemba, chigwada chotendera, ndi thadzi lija, limene linafewa mpaka nyama kusiyana ndi fupa. Mawu a a Sharifu amamveka mpaka m'kati.

"Aphunzitsi, tengani chiwalo china. Iyi ndi yodalitsika bwino, siili ngati yanu ija."

"Yanga inadalitsikanso, amalume."

"Ndiye mudya nokha madalitso akewo!"

M'nyumba, mayi a Salma anatenga kambale ka mazira aja, amene anawaphika pambali, n'kuika patsogolo pa Keti. Mtsikanayo anali asanalankhule chiphedwereni thadzi. Anayang'ana mayi ake, kenako anadya.

Nthawi yonyamuka itakwana, a Sharifu anaimirira pabwalo n'kuyamba mawu aatali othokoza, koma mlongo wawo anawadula kuti minibasi sizidikira. Anapempha kuona chipinda chakuseri. Thokozire anawatsegulira. Munali bedi, mphasa yatsopano, ndi katani ya tizidutswa ta nsalu. Mayiwo anagogoda chipupa, anayang'ana kudenga ngati kukudontha, n'kutuluka.

"Zenera ili likufuna waya wa udzudzu," anatero.

"Levison aika."

Levison, amene anali kumbuyo kwawo, anavomera katatu konse.

Pa mpanda mayiwo anagwira dzanja la Thokozire. "Ankhoswe anu abwere mwezi ukamatha, tidzapangane tsiku. Salma pobwera adzatenga misoti iwiri ya kwathu, ana asasowe dzira. Koma mumuphunzitse za dengulo. Amapsereza nyemba, ndisakubisireni."

"Adzaphunzira."

"Tsalani bwino, asewere."

Dzina limenelo amaitanana makolo a mwamuna ndi makolo a mkazi, ndipo Thokozire, amene analera Levison iye mwini akadali mtsikana, palibe anali atamutchulapo kholo. Anangoti, "Muyende bwino, asewere," n'kutembenuka msanga kukachotsa mbale.

Levison anaperekeza alendo kumsewu, akuyenda ngati wavala nsapato zatsopano. Timoteyo anatsatira mkazi wake kukhitchini, manja ali kumbuyo.

"Mwaona, mayi a Keti? Chikhala kuti sindinazinge tambala uja..."

Thokozire ananyamula poto wa pakona uja n'kumuika m'manja mwake.

"Wanu uyu. Mawa, mkuja, mpaka athe. Ndipo kuyambira lero nkhuku ya pakhomo pano mpeni wake ndi wa a Usman, kufikira Levison ataphunzira. Inu muzisosola."

Anapukuta m'manja, anakhala pa thabwa lake la bwato, n'kuika zomvera m'makutu. Panali patatsala mlimi mmodzi amene foni yake inali yozima kuyambira m'mawa. Ulendo uno inalowa.